Kalata Yochokera ku Ulongwe: Mawu Oti Mwana Abwere Nawo Kumudzi

Achimwene okondedwa,

Moni kuchokera kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique. Mwati mnyamata wanu abwera kudzaona agogo ake, ndipo mukuopa kuti pakamwa pake pazolowera obrigado, zikomo wa Chipwitikizi wa ku Maputo. Mumuphunzitse izi asanakwere basi.

Zikomo yekha ndi wopepuka. Timamunena podutsa pakati pa anthu, popempha malo, ngakhale poyamba kulankhula pabwalo. Tsono agogo akamupatsa nkhuku, alandire ndi manja awiri, atanyonyomala, kenako awombe m'manja n'kunena kuti "Ndathokoza kwambiri, aPhiri." Mfunda ndiye umapatsa mawuwo kulemera. Kwa mayi anene Naphiri kapena Nabanda, malinga ndi mtundu wawo. Afunse mfundawo asanalowe pakhomo, chifukwa kutchula wolakwika kumachititsa manyazi kuposa kusautchula.

Kuthokoza n'kwa chimene walandira. Kuyamikira kumapita patali: umaona thukuta limene munthu wakhetsa ngakhale iwe sunadyepo. Amalume ake akamuonetsa dimba la mbatatesi, ayamikire kuti "Mwagwira ntchito, mbewu zakula bwino." Akati "ndathokoza" pamenepo, amveka ngati wapatsidwa kale thumba. Kutamanda ndimakusiyira Mulungu ndi mafumu. Kwa mnzako kukachuluka anthu amati ukumunyengerera.

Pamene ana a m'tauni amapunthwa kwambiri ndi pa mawu oti mtengo. Pamsika afunse momasuka kuti "Mtengo wake ndi bwanji?" Akati 100 meticais anene kuti "tsitsaniko," ndipo akagula mulu wa tomato apemphe basera. Koma mphatso saifunsa mtengo, ngakhale mwanthabwala. Kutero n'kuipeputsa, ngati ukufuna kubweza ndalama kuti ubale uthere pomwepo. Ngati wakondwa nayo, anene kuti ndi yamtengo wapatali, mawu amene sawerenga ndalama konse. Phindu nalo alisamale. Ng'ombe ili ndi phindu, malonda ali ndi phindu, koma kuuza munthu kuti alibe phindu ndi chipongwe chokafika nacho kwa anyakwawa. Munthu timati ndi wofunika.

Chomaliza, akadya pakhomo la eni abwererenso m'mawa mwake kukati "Zikomo chifukwa cha dzulo." Mundiuze tsiku lofika, timuchingamire pa siteji.

Ndine mnzanu wa ku Ulongwe.