Kalata kwa a Khansala a dera lathu kuno ku Sheffield: nyale zakale zija zisapite

A Khansala,

Moni kaye. Ndalemba m'Chichewa chifukwa nkhani ikandifika pamtima chizungu chimandithawa, musadandaule mwana wanga akumasulirani, ndamulonjeza kale ya mayunitsi.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti ausiku, ndiye ndikaweruka m'mamawa ndimatsika basi patali dala nkumayenda wapansi kuti tulo tichoke m'maso, ndi mmene ndinayambira kuyang'ana m'mwamba mmalo moyang'ana foni. Tsiku lina pakona ya Brincliffe Edge Road ndi Union Road ku Nether Edge ndinangoima chilili. Polo yachitsulo, kumunsi yonenepa ngati mtondo, pamwamba nyale yagalasi yovala kachipewa, pambali kamkono kotulukira. Ndinajambula nkukawaonetsa agogo ena amene ndimawasamalira, iwo kuseka mpaka kutsokomola, amvekere mwana wanga imeneyo si nyale wamba, ndi yowotcha mpweya wa kusuweji, kamkonoko nkotsamiritsira makwerero.

Ndinayesa akundinamiza koma ayi ndithu. Amene anatulukira nyale zoterezi ndi Joseph Webb wa ku Birmingham cha m'ma 1890, poloyo mkati ndi yamphako ndipo pansi inalumikizidwa ku mipope ya zonyansa, moto ukamayaka pamwamba umakoka mpweya woipa uja kukwera nawo nkuuwotcha usanaphulitse mipope kapena kununkhitsa mudzi. Mpweya wa kusuweji pawokha sunkakwana kuyatsa, ankawonjezera gasi wa mtauni, ndipo moto wake sunkazima usana ndi usiku. Ife akumudzi zimenezi sitivutika kumva, ndi nzeru ija ya paipi yakuda kuseri kwa chimbudzi chokumba, kungoti kuno anaiveka galasi nkuipatsanso ntchito yowunikira msewu. Sheffield pokhala mzinda wa zitunda mpweyawo unkaunjikana kumtunda, nchifukwa chake pakati pa 1914 ndi 1935 anadzala nyale zoterezi 84. Zatsala makumi awiri ndi kanthu, zambiri zili pa mndandanda wa boma wa zinthu zakale zotetezedwa, pagulu limene amati Grade II. Ku London anthu amachita kupita dala ku Carting Lane kuseri kwa hotela ya Savoy kukajambulitsa pa imodzi yokha basi, ife tili nazo mbwee m'makwalala mwathu anthu nkumangomangirirapo agalu.

Pano yasanduka nthenda, ndikakwera basi maso ali pawindo, ndikaona kachipewa kaja ndimatsika ngakhale si siteji yanga, anzanga akuntchito anandipatsa dzina loti mai magetsi kkkk.

Koma za Webb zili ndi owayankhulira, lamulo likuziteteza. Zimene zikundidetsa nkhawa ine ndi zija zopanda dzina, mapolo a simenti opindika khosi ngati kakowa amene mumawapeza mwa apo ndi apo m'tinjira ta kuseri kwa magalaja, ndi magetsi achikasu aja. Nditangofika kuno usiku wonse unkakhala wa olenji, nkhope ya munthu ngati wadwala chikasu, galimoto yofiira ndi yabuluu osazisiyanitsa, ndipo babu lake likamayaka limayamba lofiira kaye pang'onopang'ono ngati mbaula ikukolera. Kuyambira 2012 mzinda wasinthira ku LED, ndipo sindikutsutsa ayi, munthu woyenda ndekha 6 koloko m'mawa mu Disembala kuwala koyera ndimakufuna kuposa aliyense, komanso bilu ya khonsolo ndi misonkho yathu yomwe. Kungoti mababu achikasuwo a Philips anasiya kupanga mu 2019 ku fakitale yawo ya ku Hamilton ku Scotland, ndiye likapsa lapsa basi.

Pempho langa si lalikulu. Musanazule polo yakale iliyonse m'dera lathu lino tumizani munthu akaijambule, alembe msewu ndi zolembedwa patsinde pake, chifukwa ambiri mwa mapolowa ali ndi dzina la kampani imene inawaumba, mumachita kupala ndere ndi kiyi kuti muwerenge. Imene ili yolimba isiyeni, ikanimo LED mkati koma thupi likhale lomwelo. Ndipo pa za Webb zija tiikireni tizikwangwani ting'onoting'ono tofotokoza, mizere itatu yokha, kuti mwana wasukulu akamadutsa adziwe zimene agogo aja anandiuza, poti iwowo pano masiku ena sakumbukanso ndi dzina langa lomwe.

Zithunzi ndili nazo zambiri mufoni, misewu ndinalemba kuseri kwa kope la mashifiti. Mukafuna ndibwera nazo tsiku limene mumakumana ndi anthu ku laibulale, bola lisakhale Lachiwiri, ndimakhala ndikugona.

Ndine wanu,
Mayi wa m'dera lanu lomweli