Mlekeni mwanayu aziwerenga njuchi zake

Mabvuku, Harare

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti wadzuka bwino ku Johannesburg kumeneko pamodzi ndi akamwini. Kuno tilipo, kungoti mayi ako miyendo ija ikuwavutabe kukachita mitambo. Ndalama unatumiza zija zinafika, ndipo za sukulu talipira kale. Zikomo kwambiri.

Lamlungu lija pa foni sindinakuyankhe bwino. Unali utapsa mtima, netiweki nayo imangodukaduka, ndiye ndinangoti ndamva. Koma nkhaniyi yandikhala pamtima sabata yonse, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndilembe.

Unati mwana asiye zothamangitsana ndi tizilombo chifukwa chaka chino ndi cha mayeso a Grade 7, ndipo foni unamutumizira ija si yojambulira ntchentche. Nkhawa yako si yachabe. Ndiwe amene ukukhetsa thukuta kudziko la eni kuti mwanayu aphunzire. Koma uli kutali, zimene amachita sunazione ndi maso, ndiye ndikufotokozere.

Loweruka m'mawa, mame asanaume, amatenga timitengo tinayi timene tinamanga ngati kawindo, masentimita 50 mbali iliyonse, n'kukaika pa maluwa a maungu kuseri kwa nyumba. Amakhala pansi duu kwa mphindi 10. Kalikonse kotera pa duwa amakalemba: njuchi zingati, ntchentche zingati, agulugufe angati. Amalembanso tsiku, nthawi, ngati kuli dzuwa kapena mphepo. Sagwira kanthu, sapha kanthu. Njira yowerengera imeneyi ndi yomwe anthu wamba amathandizira nayo akatswiri ku Britain. Zithunzi zimene mwanayu wajambula ndi foni amakapereka kwa aphunzitsi awo, iwo n'kuziika pa tsamba la pa intaneti lotchedwa iNaturalist, pomwe odziwa tizilombo a m'mayiko osiyanasiyana amaziona ndi kutchula dzina la kachilomboko. Zikatsimikizika zimalowa m'kaundula wamkulu amene ofufuza amatengamo. Ntchito yonseyi siimutengera ngakhale ola limodzi pa sabata.

Mwina ukufunsa kuti anthu ophunzira chonchi akufuniranji thandizo la mwana wa ku Mabvuku. Inenso ndinafunsa. Pa dziko lapansi pali mitundu ya njuchi yopitirira 20,000, yambiri siipanga uchi ndipo siikhala mu mng'oma, imangoboola kadzenje pansi kapena m'mtengo wouma. Akatswiri a tizilombo kuno kwathu ndi ochepa, sangafike kuseri kwa nyumba iliyonse. Tonse timadandaula kuti njuchi zachepa, koma zachepa bwanji, kuyambira liti, mtundu uti? Ngati palibe amene analemba dzana, mawa palibe poyerekezera. M'mapepala amene ana anapatsidwa kusukulu ndinawerengamo za lipoti la mu 2016 la IPBES, bungwe la mayiko ambiri lounika za chilengedwe, loti pa mitundu inayi iliyonse ya mbewu zikuluzikulu zodyedwa, pafupifupi itatu imapindula ndi tizilombo ndi nyama zonyamula mungu. Chimanga ayi, icho mungu wake umayenda ndi mphepo. Koma maungu, nkhaka, mpendadzuwa, mapeyala, mango, zonsezi zimadikira mlendo wouluka. Mapapaya amawayendera agulugufe akuluakulu a usiku. Mvunguti maluwa ake amatseguka kukada, ndipo mileme ndi imene imamwamo.

Pali nkhani imene sindinakuuzepo. Ukudziwa kuti moyo wanga wonse ndagwira ntchito ya m'dimba m'mayadi a ku Highlands ndi Borrowdale, ndipo ndinkadziyesa wodziwa mbewu. Mvula ya 2016 kulowa 2017, ntchemberezandonda zachilendo zija zitalowa m'chimanga, ndinagula mankhwala ndi kukapopera kamunda kathu ka kudambo. Ndinapopera m'mawa, dzuwa likutuluka, chifukwa ndi nthawi imene thupi limakhala ndi mphamvu. Pansi pa chimangacho panali maungu a mayi ako, maluwa ali yasa. Duwa la dzungu limatseguka m'bandakucha, pofika masana lafota, ndipo silitsegukanso. Lalimuna lili palokha pa kaphesi kakatali, lalikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake, ndiye mungu uyenera kusamutsidwa m'mawa womwewo, maulendo angapo. Ine ndinathira poizoni pa ola lenileni limene njuchi zinali pa ntchito. Mawa lake ndinazipeza zitauma m'kati mwa maluwa. Chaka chimenecho timaungu tambiri tinkangochita chikasu n'kuyoyoka. Mayi ako anati ndi kuchuluka kwa mvula, ine ndinakhala chete, koma mumtima ndinadziwa. Mpaka lero zimandiwawa. Pakanakhala wina wondiuza kuti dikirani madzulo njuchi zitapita, ndipo musawaze pa maluwa, ndikanamva. Tsopano mwana wako amayenda m'mizere muno kuuza anansi zimenezi, ndipo akuluakulu ena amumvera.

Za mayeso, ndatsegula makope ake. Masamu sanatsike. Mwezi wathawu anajambula tebulo loyerekeza njuchi za masiku adzuwa ndi za masiku a mitambo, n'kupeza yekha avereji. Si masamu omwewo amene adzafunsidwe? Kale unkadandaula kuti sakhazikika, amangoti uku watenga uku wasiya. Bwera udzamuone atakhala mphindi 10 osagwedezeka, maso pa duwa limodzi. M'chinenero chathu kuwerenga ndi mawu amodzi, kaya ndi buku kaya ndi mbuzi m'khola, ndipo ine ndaona kuti kuwerenga kwa kudimbaku kwamuthandiza kuwerenga kwa m'nyumba.

Usaganize kuti za ana zimathera m'kope basi. Ku Blackawton, mudzi wina wa ku England, ana a pulayimale a zaka 8 mpaka 10 anafufuza mmene njuchi zimaphunzirira mitundu ndi malo a maluwa, mothandizidwa ndi katswiri wina dzina lake Beau Lotto. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2010 mu Biology Letters, magazini ya asayansi ya Royal Society, m'mawu a anawo. Sindikunena kuti mdzukulu wanga adzafika pamenepo. Ndikungoti amene akumutuma samunyengerera ngati pamasanje, akufunadi zimene iye waona.

Pali chinanso chimene chandikhudza ine pandekha. Mwanayu anabadwira konkuno, amalota m'Chishona, ndipo Chichewa ankangochimva osayankha. Aphunzitsi anawauza kuti azifunsa agogo awo mayina a tizilombo m'zinenero za kwawo. Tsiku lina kunabwera chinjuchi chachikulu chakuda chija chimaboola mitengo ya denga, chikulira ngati njinga yamoto pa maluwa a nyemba. Anandifunsa dzina. Ndinati ameneyo ndi bemberezi, ndipo agogo ako aamuna, amene anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya, ankakonda kunena kuti bemberezi adziwa nyumba yake. Analemba mawuwo mosamala, n'kundifunsa kuti ku Dedza n'kotani. Tinacheza mpaka nsima inazizira. Panopa kumapeto kwa kope lake kuli mizere itatu, Chichewa, Chishona ndi Chingerezi: dzungu ndi nhanga, nkhwani ndi muboora, njuchi ndi nyuchi. Zaka zonsezi ndinkafuna njira yomulowetsera m'chinenero cha makolo ake, osaipeza.

Za kulumidwa usade nkhawa kwambiri, koma sindikuzipeputsa. Njuchi zathu za kuno n'zaukali pafupi ndi chisa chawo. Imene ili pa duwa imasamala za ntchito yake, pokhapokha utaifinya. Ndamuikira malamulo: nsapato kumapazi nthawi zonse, osayandikira mng'oma kapena njuchi zimene zaunjikana pa nthambi, ndipo kudambo kapena ku Cleveland Dam sapita yekha. Ine ndimakhala pambali pake ndi wotchi, ndine wosunga nthawi.

Pempho langa ndi ili. Pa 20 May ndi tsiku lokumbukira njuchi pa dziko lonse, limene United Nations inakhazikitsa mu 2017. Sabata imeneyo kalasi yawo ikufuna kupita ku Mukuvisi Woodlands kukawerenga tizilombo m'nkhalango ya misasa, kuti akayerekeze ndi za m'mayadi mwathu muno. Pakufunika chilolezo cha kholo. Ndikanatha kusaina ndekha, koma sindikufuna kuchita zinthu kumbali iwe utakana, mwana ndi wako. Ya basi ndilipira ine, ndagulitsa nkhuku ziwiri. Mayeso akayandikira, kuyambira August, ine ndemwe ndidzasunga kawindo kaja mpaka atamaliza kulemba, ndipo iye wavomera.

Chiyambire Lamlungu sanakhudze foni ija, anaiika m'kabati mwa agogo ake. Dzulo ndinamuona ataima pa maungu manja ali kumbuyo, milomo ikuyenda, akuwerenga chamumtima. Umuimbire Loweruka madzulo, ndipo usanayambe za mayeso umufunse kuti wapeza njuchi zingati. Kalata ya chilolezo ikufunika kusukulu lisanathe Lachisanu la sabata yamawa.

Mayi ako akupereka moni, akuti mafuta opaka miyendo aja atsala pang'ono kutha.

Ndine,
Bambo ako