Sikelo si ya ana okha

Akonzi,

Mundilole ndidandaule kuti akuluakulu ambiri amakwera pa sikelo akadwala basi. Mayi anasiyira pomwe anamaliza sikelo ya pakati, bambo sadziwa n'komwe kulemera kwawo. Mimba ikatuluka timati munthu wayamba kudya bwino, pamene shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikumulondalonda.

Kuwerengera ngati kulemera kwanu kukugwirizana ndi msinkhu wanu n'kosavuta. Chulukitsani msinkhu wanu wa m'mamita ndi nambala yomweyo, kenako mugawe makilogalamu anu ndi yankho. Wa msinkhu wa mamita 1.6 wolemera makilogalamu 70 apeza 27. Pabwino ndi pakati pa 18.5 ndi 24.9. Kuyambira 25 thupi lapitirira, 30 ndi kunenepa kodwalitsa. Kopanda sikelo, tepi ya telala ikwanira: zungulizani pa mchombo. Mayi akapitirira masentimita 80, bambo 94, mafuta aunjikana m'mimba, ndipo ndiwo oopsa kwambiri.

Ambiri amagwa m'mbuna akafika zaka za m'ma 40. Khasu anasiya, njinga yakapalasa anagulitsa, tsiku lonse ali pampando, koma mitanda ya nsima ndi inayi yomwe ija ya paunyamata. Pamwamba pake chipisi, mandasi ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga. Apa chofunika si kusala kudya, chifukwa wosala masana amadzalipsira usiku. Chotsani mtanda umodzi, malo ake mudzazemo bonongwe, nkhwani kapena chisoso, ndipo mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera popeza umakhalitsa m'mimba. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo womwe. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata kumathandiza kwambiri.

Kwa agogo vuto limatembenuka, ndipo limeneli ndi lomwe limandipweteka mtima. Mano atha, njala sakuimva, minofu ikusungunuka, ife n'kumangowapatsa phala lamadzimadzi, ati ndi ukalamba. Thupi lawo likufunabe zomanga minofu pa chakudya chilichonse: nsinjiro kapena ufa wa soya m'phala, dzira, chipere, usipa wosinja, mkaka ngati ulipo. Tiwapatse pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu patsiku, ndipo tiziwakumbutsa madzi chifukwa ludzu salimva msanga. Akamaonda popanda chifukwa, zovala n'kumakhwepa, apite kuchipatala akayezedwe TB, shuga ndi HIV, asadikire kuti agwe kaye.

Wowerenga wanu,
Zomba