Aphunzitsi a C, phunziro lokopera fayilo musalithamangire

Okondedwa a Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kwa aphunzitsi a makompyuta kudzera m'nyuzipepala yanu.

Sabata yatha mphwanga, yemwe ali pa koleji ina, anandionetsa pulogalamu yake yokopera fayilo pa Linux, yolembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha C. Inali yaifupi: open() kutsegula, read() kuwerenga, write() kulemba, close() kutseka, basi. Aphunzitsi ake anamuchongera zonse, koma ine nditaiwerenga mtima unandiwawa.

C ilibe lamulo limodzi loti "kopera", ngakhalenso POSIX, muyezo umene Linux imatsatira kwambiri, ilibe. Umatunga wekha ndi read() n'kuthira wekha ndi write(), chikho ndi chikho mpaka mtsuko udzaze. Vuto n'lakuti write() salonjeza kuthira zonse zimene wam'patsa. Ukam'patsa mabayiti 4096 akhoza kulemba 1000 okha, makamaka disiki ikamadzaza, kenako n'kukubwezera nambalayo kuti udziwe potsala. Mphwangayo nambala imeneyi sankaiyang'ana n'komwe. Fayilo ituluka yoduka, pulogalamu n'kutha phee ngati zonse zili bwino, ndipo mwini wake adzazindikira patapita miyezi, yoyambirira ija atafufuta kale.

Chinandiopsa kwambiri ndi O_TRUNC, imene mphwangayo anagwiritsa ntchito pouza open() kuti ayambe wakhuthula fayilo yolembamo. Munthu akalakwitsa n'kulemba dzina lomwelo kawiri, kochokera ndi kopita, open() amakhuthula fayiloyo asanawerenge kanthu. Ntchito yonse yapita! Chonsecho mankhwala ake ndi ochepa: kufananitsa st_dev ndi st_ino, manambala ozindikiritsa fayilo, za mafayilo awiriwo ndi stat() usanatsegule wolembamo.

Nanga kuno kwathu, kumene magetsi amathima ntchito ili mkati? Mwana aphunzire kulemba kaye mu fayilo yongoyembekezera m'foda yomweyo, aitane fsync() kuti zolembedwazo zifikedi pa disiki, kenako rename() kuti fayiloyo itenge dzina lenileni. Magetsi akathima pakati, fayilo yakale imatsala yathunthu.

Ena amathawira ku system("cp ..."), kutuma shell, pulogalamu yomvera malamulo olembedwa, kuti iwakoperere, osadziwa kuti dzina la fayilo lokhala ndi mpata kapena chizindikiro chapadera likhoza kuchititsa shell zimene iwo sanatume. Ena amati copy_file_range(), yomwe inabwera ndi Linux 4.5 mu 2016, inathetsa zonse. Ndi yachangu ndithu, koma nayonso imatha kukopera zochepa n'kubweza nambala yoti uiyang'ane.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi ili: musanachonge, yesani pulogalamuyo pa flash yotsala pang'ono kudzaza, ndipo ipatseni dzina limodzi kawiri, mwanayo akuona.

Ndine wowerenga wanu,
Ku Zomba