Kalata kwa achimwene ku Joni: ndalama za timu ya ana zipite ku bwalo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwazizira monga mudziwira Dedza mwezi wa Juni, koma tonse tili bwino. Uthenga wakuti inu ndi anzanu akumudzi kuno amene muli ku Johannesburg mwasonkha ndalama zogulira timu ya ana yunifolomu wafika ku komiti, ndipo makolo athokoza kwambiri. Pempho langa ndi lakuti yunifolomu idikire kaye, ndalamazo zipite ku bwalo.

Mukudziwa kumene timuyi yachokera. Inayamba ndi chikulunga cha majumbo kuseri kwa sukulu, magolo ali miyala iwiri. Aphunzitsi ena ataona kuti ana akulimbikira anaitana makolo, komiti inasankhidwa, amfumu anapereka malo aja a m'munsi mwa phiri. Dedza Dynamos itafika mu Super League ana anachuluka, chifukwa anaona kuti mpira waukulu ukuseweredwa pa Dedza Stadium pomwepa. Atsikana nawo anabwera ambiri Scorchers itatenga chikho cha COSAFA mu 2023, aliyense akufuna kukhala Temwa kapena Tabitha Chawinga. Ana alipo. Bwalo ndilo lidakali lija munalisiya.

Ndalama za timu zimachokera ku zopereka za makolo pamwezi, ku dimba la kachewere limene anyamata akuluakulu amalima, ndi ku mabonanza. Za pachipata kulibe poti bwalo lilibe mpanda. Mabonanza sitingawadalire. Amachuluka chisankho chikayandikira, amabwera ndi majezi ndi mipira, chisankho chikapita zii. N'chifukwa chake majezi sasowa kwenikweni, pamene wogula simenti sapezeka. Ndalama ya CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, imayenda kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kenako ku komiti ya chitukuko ya dera la T/A (ADC) mpaka kukhonsolo, ndipo kumeneko bwalo limapikisana ndi milatho ndi midadada ya sukulu.

Vuto loyamba ndi madzi. Mvula ikagwa, madzi ochokera kuphiri amadutsa pakati pa bwalo n'kusiya tizigwembe timene timathyola ana akakolo. Kuthira dothi m'tizigwembemo n'kungotaya mphamvu, mvula yotsatira imakokolola. Pakufunika ngalande kumtunda kwa bwalo, yakuya masentimita 50, yopendekera pang'ono kuti madzi azitulukira kumbali, ndipo pamlambala pake tidzale vetiva mothithikana. Bwalo lenilenilo likwere pakati ndi kutsika cha m'mbali, sentimita imodzi pa mita iliyonse. Pali chulu chija cha pafupi ndi kona. Kuchisalaza pamwamba sikuthandiza, chimaphukanso. Chikumbidwe mpaka manthu wa chiswe apezeke, dzenjelo likwiriridwe pang'onopang'ono, kuthira dothi, kuwaza madzi, kusinja, kuthiranso. Mukakwirira kamodzin'kamodzi pamatitimira mvula yoyamba.

Magolo a bulugamu atopetsa. Chiswe chimadya tsinde, mtanda wa pamwamba umapindika, ndipo golo logwa likhoza kupha mwana. Tikufuna mapaipi achitsulo a mainchesi 4, poti malamulo salola mzati kupitirira masentimita 12 kunenepa. Mkati mwa golo ndi mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 kutalika. Paipi imabwera ya mamita 6, choncho imodzi ikadulidwa pakati imapereka mizati iwiri, gawo lopitirira 2.44 n'kulowa pansi. Mtanda umafuna paipi yathunthu ndi chidutswa cha mita ndi theka. Magolo awiri ndiye mapaipi asanu. Apa ndi pamene owotcherera ambiri amalakwitsa: amangogundanitsa mapaipi awiriwo n'kuwotcherera kunja, mwana akalendewerapo kawiri katatu polumikizapo pamagonja. Alowetse kachidutswa ka paipi yocheperapo mkati mwa polumikizapo asanawotcherere. Dzenje la mzati likhale masentimita 50 mbali zonse ndi 60 kuya. Dzenje lililonse limadya thumba limodzi la simenti, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje ndi mawilibala awiri a miyala ya kwale. Konkitiyo ithiriridwe madzi masiku asanu ndi awiri, ndipo munthu asakolekepo neti nthawi imeneyo isanakwane.

Malo athu akwanira bwalo la mamita 100 kwa 64. Ngodya timawongola ndi chingwe: mamita 3 mbali iyi, 4 mbali inayo, pakati pake pakwane 5. Potsimikiza, kuchokera pa kona kufika pa kona yopingasa pakhale mamita 118.7, uku ndi uku chimodzimodzi. Penate ndi mamita 11 kuchokera pa mzere wa golo, bokosi lalikulu 16.5, bwalo la pakati 9.15 kuchokera poyambira. Mizere ijambulidwe ndi laimu kapena phulusa. Chizolowezi chokumba mizere ndi khasu chithe, chifukwa timingalande timeneto ndi timene madzi amayambira kukumba.

Kapinga adikire mvula ikhazikike mu Disembala. Timadzala mitsitsi yake motalikirana masentimita 30, tikathira kaye manyowa owola bwino. Chovuta si kudzala ayi, koma kutseka bwalo miyezi itatu osapondapo, ndi kuletsa mbuzi ndi ng'ombe. Izi zimatheka amfumu akalengeza okha pamsonkhano. Nthawi imeneyo ana azikasewerera kusukulu. Osakwana zaka 12 safuna bwalo lonse, azisewera chopingasa theka la bwalo, asanu ndi awiri mbali iliyonse, ndi mpira wa saizi 4. Wa saizi 5 umawalemera, amazolowera kumenya ndi chala.

Ikatsala ndalama, timange chimbudzi cha zipinda ziwiri ndi posinthira zovala, kutali ndi mjigo mamita osachepera 30. Atsikana akamakula amasiya kubwera chifukwa cha chimenechi, ndipo makolo awo sitingawatsutse.

Ndalamazo musatumize pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi, ngakhale yanga. Komiti ili ndi akaunti ya osayinira atatu, awiri asayine ndalama isanatuluke, ndipo risiti iliyonse tidzaijambula n'kukutumizirani pa WhatsApp. Zisakhalitsenso ku banki. Mukukumbukira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mmene mitengo ya zitsulo inadumphira. Mapaipi tigula pompopompo, koma simenti tidzagula sabata yothira konkiti, poti ikagona pachinyezi imauma m'thumba.

Chinanso, malowo amfumu anapereka pakamwa. Tisanathire konkiti tikufuna kalata yodindidwa ndi agulupu ndi a T/A, yotchula malire, kuti mawa wina asadzati ndi munda wa agogo ake. Kambiranani ndi anzanuwo mutiyankhe Julayi asanathe, kuti ngalande ndi magolo zithe dothi lisanaumitsitse. Mupereke moni kwa alamu.

Ine mnzanu wa ku Dedza