Dandaulo pa maseva awiri amene munatigulitsa ponena kuti ndi a hot-swap

Kwa Mkulu wa Zamalonda,

Bwana,

Ndalemba kalatayi chifukwa pa foni ndaimba katatu ndipo ulendo uliwonse ndimangouzidwa kuti andiimbiranso. Ndine woyang'anira makompyuta pa bungwe lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama, ndipo ndine amene ndinasainira maseva awiri (makompyuta aakulu amene ofesi yonse imadalira) amene munatibweretsera chaka chatha.

Tisanagule ndinafunsa funso limodzi, pakamwa komanso pa imelo: khadi la netiweki likafa, kodi tingalichotse n'kuikamo lina seva ili chiyakire? Wogulitsa wanu anayankha kuti inde. Pa koteshoni yanu mawu akuti hot-swap (kutanthauza kusintha chipangizo makina ali chiyakire) alipo, ndipo imelo ija ndaisunga. Chifukwa cha yankho limenelo tinasiya maseva otsikirapo mtengo amene ena anatisonyeza, ndipo ineyo ndi amene ndinaima pamaso pa komiti kunena kuti ndalama yowonjezerayo sipita pachabe.

Mwezi watha, m'sabata ya malipiro, khadi la netiweki la mtundu wa 10GbE la mu seva yaikulu linayamba kudukiza. Khadi lina tinali nalo kale m'kabati. Ndisanakhudze chilichonse ndinayang'ana kaye ndi lspci, pulogalamu ya mu Linux yoonetsa zipangizo za m'makina, ndipo pa mzere wa SltCap slot (malo olowetsamo khadi) iliyonse ya kumbuyo inaonetsa HotPlug, PwrCtrl ndi AttnBtn zili ndi chizindikiro chochotsera (-), chosonyeza kuti zinthuzi palibe. Tanthauzo lake n'lakuti slot zimenezi sizingazimitsidwe magetsi pazokha.

Ndifotokoze pang'ono, poti zikuoneka kuti kusitolo kwanu nkhaniyi siidziwika bwino. Slot ya PCIe (mtundu wa ma slot a makhadiwa) yolola kusintha khadi makina akugwira ntchito imakhala ndi batani lake, kagetsi kobiriwira, kagetsi kachikasu ndi kotsekera khadi. Munthu akadina batanilo kobiriwirako kamayamba kuphethira, ndipo amakhala ndi masekondi 5 oti asinthe maganizo. Akapanda kudinanso, pciehp, pulogalamu ya mu Linux yoyang'anira zimenezi, imamasula khadilo ku dongosolo, magetsi a slot imeneyo amadulidwa, kagetsi kamazima, ndiye pamenepo n'pamene dzanja limaloledwa kulowa. Si luso lachilendo ayi: PCI-SIG, bungwe lokhazikitsa malamulo a ma slot amenewa, linatulutsa malamulo oyamba a PCI Hot-Plug mu 1997. Pa maseva athu palibe batani, palibe kagetsi. Makhadi akhala pa riser, kabolodi kolumikiza makhadi ku bolodi yaikulu, ndipo kuti muwafikire muyenera kutsegula chivundikiro. Buku la opanga makinawa likunena poyera kuti muzimitse seva ndi kuzula mawaya a magetsi musanagwire riser. Zimene zili za hot-swap ndi madisiki a kutsogolo, ma power supply awiri ndi mafani basi. Zimenezo n'zabwino ndipo timazigwiritsa ntchito, koma si zimene ndinafunsa.

Chandipweteka kwambiri ndi zimene anachita katswiri amene munatitumizira. Ndinamuonetsa zonsezi, ndinamuuza kuti tidikire madzulo anthu akaweruka kuti tizimitse bwinobwino. Iye anati makina a masiku ano saopsa. Nditatuluka kukayankha foni ya kunthambi, anatsegula chivundikiro n'kusuntha khadilo magetsi ali momwemo. Seva inaima pomwepo. Mu log yake, momwe seva imalembamo zochitika, mwalembedwa fatal error (vuto loimitsa makina) ya pa PCIe, ndi nthawi yake yomwe, ndipo ndakutumizirani pamodzi ndi kalatayi. Database inazima pakati pa ntchito, moti tinatha masana onse tikuibwezeretsa ndi kufananiza ziwerengero ndi za mu seva yachiwiri yosunga makope. Panja panali mzere wa aphunzitsi ndi alimi, ena atakwera kabaza kuchokera kutali, ndipo ambiri anabwerera chimanjamanja. Amene anawapepesa ndi atsikana athu a pa kauntala, omwe sanalakwe kanthu.

Slot imene inagwiridwayo panopa siikuona khadi lililonse. Sindilola kuti mawa tidzauzidwe kuti waranti yatha chifukwa makina anatsegulidwa molakwika, pamene anatsegula ndi munthu wanu.

Chimene tikufuna n'chakuti mutisinthire maseva awiriwa ndi mtundu umene makhadi ake a netiweki amasinthikadi makina akuyaka, ndipo musanabweretse mutionetse tsamba la m'buku la opanga limene likutsimikiza zimenezo, kuphatikizapo firmware (pulogalamu ya m'kati mwa makinawo) ndi Linux imene tikugwiritsa ntchito. Ngati mtundu wotere mulibe, nenani choncho, mutibwezere ndalama imene tinawonjezera chifukwa cha lonjezo lija, ndipo mukonze riser ndi bolodi pa ndalama zanu, tsiku Lamlungu pamene ofesi yatsekedwa. Tikufunanso kalata yosainidwa yonena kuti waranti ikadalipo. Ndipo chonde konzani koteshoni zanu kuti zizitchula mwatchutchutchu zipangizo zimene zili za hot-swap, chifukwa pali anzathu a mabungwe ena amene ndinawalozera kwa inu.

Ndiyembekezera yankho lolemba pasanathe masiku 14. Likapanda kubwera, komiti yathu yagwirizana kale kuti nkhaniyi ipite kwa loya wa bungwe, pamodzi ndi koteshoni, imelo ndi log.

Ine kasitomala wanu,
Woyang'anira makompyuta