Kwa mwana wanga, za pepala la zotsatira za magazi

Wokondedwa mwana wanga,

Ndalandira chithunzi cha pepala la zotsatira za magazi ako, ndipo ndaliwerenga kangapo ndisanayambe kulemba. Pa foni paja unkayankhula ngati munthu amene wapeza chimene anachifunafuna kwa nthawi yaitali: unati dokotala wapeza kuti vitamini D ndi wochepa m'thupi mwako, choncho mwina ndicho chakhala chikukunenepetsa zaka zonsezi, ndipo ukangoyamba kumwa mapiritsi thupi libwerera m'malo mwake. Sindinafune kukudula pakamwa chifukwa ndinamva kuti mtima wako wapepuka. Koma ntchito yoyeza magazi ndinaigwira zaka zambiri, ndipo sindingakusiye ukhulupirire zimenezo. Pepalalo silikunama, kungoti nkhani yake waigwira kumchira.

Chimene anayeza si vitamini amene khungu limapanga likawombedwa ndi dzuwa, koma mtundu wake umene chiwindi chimakonza, wotchedwa 25-hydroxyvitamin D, umene umakhala m'magazi kwa milungu ingapo. Impso ndizo zimadzausandutsa homoni, kapena kuti mthenga woyenda m'magazi, yothandiza matumbo kuyamwa kashiamu wolimbitsa mafupa. Vitamini ameneyu sasungunuka m'madzi, choncho sangayende yekha m'magazi. Gawo lake lalikulu, pafupifupi 85 mpaka 90 pa 100, limanyamulidwa ndi puloteni yapadera imene chiwindi chimapangira ntchito yomweyo, lotsalalo limakwera pa puloteni ina yotchedwa albumin, ndipo loyandama palokha silifika ngakhale 1 pa 100. Pepala lako likuti 34 nmol/L, umene ndi muyezo wa kuchuluka kwake m'magazi. Bungwe la Institute of Medicine la ku America linanena mu 2011 kuti mlingo wa munthu ukatsika pansi pa 30 mafupa ake ali pa chiopsezo, ndipo 50 ndi mlingo wokwanira pafupifupi aliyense. Ndiye kuti uli pakati, wapereweradi koma sunafike poti n'kuchita mantha.

Nanga n'chifukwa chiyani watsika? Vitamini D amakonda mafuta, ndipo akalowa m'thupi lokhala ndi mafuta ambiri, wambiri amakabisala m'mafutamo, otsala m'magazi n'kukhala ochepa. Taganizira madontho atatu a utoto: ukawathira m'kapu madzi amasintha mtundu, koma ukawathira m'ndowa yodzaza suona kanthu, ngakhale kuti madonthowo ndi omwe aja. Mu kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2000, anthu onenepa kwambiri ndi anthu ochepa thupi anawalitsidwa ndi kuwala kofanana, ndipo tsiku lotsatira vitamini D m'magazi a onenepawo anali atakwera mocheperapo ndi 57 pa 100, chonsecho khungu lawo linali litagwira ntchito bwinobwino. Mu 2013 akatswiri ena anafufuza zachibadwa za anthu opitirira 42,000 pofuna kudziwa chimene chimatsogola, ndipo anapeza kuti kunenepa ndiko kumatsitsa vitaminiyu, pomwe kuchepa kwa vitaminiyu sikunaonetse kuti kumanenepetsa munthu kwenikweni. Vitamini wako ndi mboni chabe, mwana wanga, si iye wopalamula mlandu.

Mzere umene ine unandiimitsa ndi wina, umene iwe sunautchule n'komwe: CRP, 4.6 mg/L. Imeneyi ndi puloteni imene chiwindi chimatulutsa chikalandira uthenga woti penapake m'thupi patupa. Munthu akadwala matenda obwera ndi tizilombo, imatha kukwera kufika makumi kapena mazana, kenako n'kutsika iye akachira. Koma ikamakhala pamwamba pa 3 mwezi ndi mwezi mwa munthu amene sakumva kupweteka paliponse, madokotala a mtima amaitenga ngati chenjezo, chifukwa imasonyeza kutupa kwapansipansi kumene kumadya mitsempha ya magazi mwakachetechete. Nthawi zambiri uthenga umenewu umachokera ku mafuta a m'mimba, ozungulira chiwindi ndi matumbo, amene amatulutsa puloteni yotchedwa interleukin-6, ndipo imeneyi ndi imene imauza chiwindi kuti chipange CRP. Ngati tsiku loyezetsalo unali ndi chimfine kapena dzino lowawa, umuuze dokotala, chifukwa zimenezo zimakwezanso nambalayi ndipo angafune kuyezanso.

Ife tikuphunzira ntchito tinkauzidwa kuti mafuta ndi posungira mphamvu basi, sachita kanthu. Maganizo amenewo anagwa mu 1994 pamene Jeffrey Friedman ndi anzake pa Rockefeller University ku New York anatulukira leptin, homoni imene maselo a mafuta amatumiza ku ubongo kukanena kuti mphamvu zosungidwa zilipo zokwanira. Mwa munthu wonenepa leptin imakhala yambiri, koma ubongo umafika poizolowera osaimvanso, monga mmene munthu wokhala pafupi ndi msewu amalekera kumva phokoso la magalimoto. Chaka chotsatira kunadziwika puloteni inanso ya m'mafuta, adiponectin, imene imathandiza thupi kumvera insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi, ndiponso imaziziritsa kutupa. Chodabwitsa n'chakuti imeneyi imachepa mafuta akamachuluka, choncho chitetezo chimatsika nthawi yomwe chikufunika kwambiri. Ziwirizi usavutike kukaziyezetsa, chifukwa kawirikawiri zimayezedwa pa kafukufuku ndipo sizingasinthe chithandizo chako.

Ndatchula leptin chifukwa ndili ndi mangawa kwa iwe. Uli mtsikana ndinkakunena za thupi lako, ndipo unkati ukachepako n'kubwereranso ndinkaganiza kuti ukusowa khama. Ndinalakwa, ndipo undikhululukire. Munthu akayamba kuchepa thupi leptin imatsika msanga, ubongo umaona ngati kwagwa njala, chilakolako cha chakudya chimakula ndipo thupi limayamba kuwotcha mphamvu moumira. Unkalimbana ndi thupi lako lomwe, ine n'kumakuwonjezera mtolo m'malo mokuthandiza kusenza. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa kwambiri, ndipo sizingatheke kuti anthu opitirira biliyoni imodzi onsewo akhale aulesi.

Mapiritsi aja uzimwa, usawasiye. Pepalalo likuonetsanso kuti PTH yakwerako pang'ono, ndipo imeneyi ndi homoni yochokera ku tiziwalo tinayi ta m'khosi imene imakatapa kashiamu m'mafupa pamene wa m'magazi wayamba kuperewera. Kukwera kwake kukusonyeza kuti mafupa ako ayamba kulipira ngongole ya vitamini wosowayo. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi 600 IU za vitamini D patsiku (IU ndi muyezo wa kuchuluka kwa vitaminiyu), koma wonenepa kwambiri angafunike kuwirikiza kawiri kapena katatu kuti magazi ake afike pa mlingo womwewo, choncho usadabwe ngati dokotala wakulembera wochuluka. Chimene ndikukuletsa n'kuwonjezera wekha. Pa 4,000 IU patsiku ndi pamene pali malire kwa munthu amene sakuyang'aniridwa ndi dokotala, ndipo popeza vitaminiyu amasungika m'mafuta osatuluka msanga, akachulukitsa amakweza kashiamu m'magazi mpaka kuyambitsa miyala mu impso. Usayembekezerenso zimene mapiritsi sangachite. Pa kafukufuku wa VITAL ku America, anthu pafupifupi 26,000 anatsatiridwa kwa zaka zisanu, theka lawo akumwa 2,000 IU tsiku lililonse, ndipo khansa ndi matenda a mtima sizinachepe mwa iwo poyerekeza ndi anzawo amene sankamwa.

Dzuwa la pawindo la ofesi silithandiza, chifukwa galasi limatchinga cheza chimene khungu limafuna, ndipo khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo padzuwa kuposa loyera. Uzituluka panja masana n'kuyenda ndithu. Mphindi 150 pa mlungu zoyenda mofulumirako ndizo WHO imalimbikitsa, ndipo ulendo womwewo ukupatsa dzuwa n'kumasungunula mafuta a m'mimba.

Sindikukupempha kuti ukhale wowonda. Kuchotsa 5 mpaka 10 pa 100 ya kulemera kwako, pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, n'kokwanira kuti CRP iyambe kutsika, thupi limvere insulin bwinoko ndipo kuthamanga kwa magazi kukhale pansi. Sikelo usaikhulupirire yokha. Tenga tepi uyeze m'chiuno chapamchombo, chifukwa kwa mayi muyezo wopitirira masentimita 88 ndi umene umayendera limodzi ndi matenda a shuga ndi a mtima, ndipo tepi imayamba kusonyeza kusintha sikelo idakali pomwepo. Ukabwereranso kwa dokotala ukapemphe akuyeze HbA1c, puloteni ya m'maselo ofiira imene imaonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi kwa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, popeza pa pepala ili sindikuiona. Ikafika 6.5 pa 100 ndiye kuti matenda a shuga alowa kale, ndipo ndikufuna tidziwe pamene uli asanafike. Umuuzenso dokotalayo mosachita manyazi kuti ukufuna thandizo pa kulemera kwako, chifukwa masiku ano kuli chithandizo chimene kale kunalibe.

Pakatha miyezi itatu ukumwa mapiritsi ukayezetsenso, chifukwa isanakwane nthawi imeneyo nambala imakhala isanakhazikike. Unditumizire pepalalo pamodzi ndi muyezo wa m'chiuno wa lero ndi wa tsiku limenelo, tidzawerengere limodzi.

Ndine,
Amayi ako